Mzere wa a Chokanipo

A Chokanipo sanadzutsepo kapena kugoneka mlongoti asanajambule mzere pansi. Ankayambira kumbuyo kwa ngalawa yawo n'kuyenda mapazi khumi ndi awiri, akuwerenga mokweza ngati pali wina amene akuwatsutsa. Pothera phazi lomaliza ankakanda dothi ndi chidendene, n'kuzungulira nacho mpaka mzerewo utapindika ngati uta. Akatero ankavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba, kuona ngati kuli waya wa magetsi kapena nthambi. Kenako ankakuwa kuti, "Chokanipo!" Ankakuwa kaya pali anthu, kaya pali galu, kaya palibe ndi nyerere yomwe. Umu ndi mmene dzina lawo lenileni linatayikira.

Kwa amene sanaionepo, ngalawa ya mtunduwu ndi mabwato awiri oonda, olumikizidwa ndi mitanda iwiri yachitsulo, pakati atakunga chinsalu cholimba chokhalapo anthu. Padoko ankangoti mapasa. Mlongoti wake ndi wautali kuposa ngalawayo, ndipo suima pawokha. Tsinde lake limangokhala pa kachitsulo kozungulira ngati dzira pamtanda wakutsogolo, ndipo chouimitsa ndi mawaya atatu, awiri m'mbali, mmodzi kutsogolo. Ukamasula wakutsogoloyo popanda wogwira, mlongoti umabwera chagada, ndipo sufunsa kuti pansi pali ndani.

Amene anamva kukuwa kumeneku kuposa wina aliyense anali telala wosoka matanga, yemwe shedi yake inayandikana ndi malo a a Chokanipo. Analinso mlamu wawo, popeza a Chokanipo anakwatira mlongo wake. Telalayo anali munthu wofatsa, wa mawu owerengeka, ndipo mwa mawu owerengekawo panalibe ngakhale amodzi oyamikira mlamu wake. Anthu ena amaoneka oipa ukawaonera patali, koma ukayandikira n'kupeza kuti ndi abwino. A Chokanipo ukayandikira umangomva bwino zimene akukutukwana.

M'chaka chawo chomaliza padokopo panabwera manijala watsopano, wa nsapato zoyera ndi cholembera kukhutu. Sanathe mwezi asanalembe kalata yoti a Chokanipo achoke, iwo ndi ngalawa yawo. Lamulo la pamalopo linali lakuti munthu sachotsedwa pokhapokha eni mashedi onse atasaina. Onse anasaina, ena mpaka kuboola pepala. Panatsala telala.

"Bambo, mwatsala ndinu nokha," anatero manijala.

"Ndiganize kaye."

"Muganiza chiyani? Dzulo lomweli akutchulani mbuzi, ine ndikumva."

"Mbuzi n'zochepa. Lachiwiri ndinali chitsa."

Telala anapinda kalatayo n'kuiika m'kabati ya makina ake, pansi pa ulusi. Inakhala mmenemo masabata asanu. Tsiku lililonse ankatsegula kabati, n'kutenga ulusi, n'kuiona, n'kutseka. Zoti aganize zinalipo zambiri.

Ntchito yogwira chingwe anaiyamba chifukwa cha mlongo wake. Zaka makumi atatu zapitazo mayiyo anabwera m'shedi n'kunena kuti, "Achimwene, bambo akunyumba athamangitsa aliyense wowathandiza. Inu muli ndi makutu olimba. Kawagwirireni." Kuyambira pomwepo malo a telala anali kutsogolo kwa ngalawa. A Chokanipo ankakwera pachinsalu, n'kunyamula mlongoti paphewa, n'kumayenda nawo kutsogolo mpaka utaima, uku telala akukoka chingwe chochokera kunsonga. Ukaima, telala ankalowetsa chikhomo cha waya wakutsogolo. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndi a Chokanipo inkatenga ola.

"Alamu, chikhomo cha patsinde mwachiona?"

"Ndachiona."

"Mwachiona ndi maso kapena ndi mimba? Chigwireni."

Telala ankachigwira.

"Chilipo?"

"Chilipo."

"Chikadapanda kukhalapo bwenzi tsinde litadumpha n'kukugululani mano atsalawo. Mawaya a m'mbali akodwa penapake?"

"Sanakodwe."

"Mwayang'ana liti? Ine ndimakuonani, mumayang'ana mbalame."

Ndipo mphepo ikakhala ikuomba cham'mbali, ankatembenuza ngalawa yonse, n'kufufuta mzere, n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pa wani.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma a Chokanipo ankatsina mpaka khutu kuthothoka. Tsiku lina kunabwera akwati kudzajambulitsa zithunzi pafupi ndi madzi. Wojambula anaona ngalawa ya a Chokanipo itapakidwa utoto watsopano, n'kuimika mkwati ndi mkwatibwi kumbuyo kwake, m'kati mwenimweni mwa mzere. A Chokanipo anatulukira ndi chipewa m'manja.

"Iwe mnyamata wa suti yobwereka, mkaziyu wamukwatira liti?"

"Lero lomwe lino, bambo."

"Ndiye watopa naye kale?"

Mkwatibwi analira, diresi lake linakodwa ku ngolo yokokera ngalawa, ndipo pa chithunzi chokhacho chimene chinatuluka bwino pankaoneka a Chokanipo pakati, atakweza dzanja, kukamwa kuli yasa.

Dokotala wina, mwini ngalawa yaikulu, anaimika galimoto yake m'kati mwa mzere tsiku lina m'mawa. A Chokanipo anamutsata mpaka ku ofesi ya padoko.

"Galimoto yanu ili m'manda. Kaichotseni."

"Bambo, muzilankhula bwino. Ine ndinaphunzira zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye mumadziwa kusoka mitu. Wanuwo adzasoka ndani? Mlamu wangayu amangosoka nsalu, ndipo nayonso imasosoka."

Telala anali pomwepo, atangobwera kudzatenga makiyi. Sanalakwe kanthu, koma anabwerera atanyozedwa. Ndi mmene zinkakhalira: a Chokanipo akamaponya mwala kwa munthu wina, kachidutswa kankagwera telala.

Sankalekera pa ngalawa yawo yokha. Aliyense wogwira mlongoti padokopo ankangoona chidendene chikukanda dothi kumbuyo kwake, osaitanidwa. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anaphunzira zoyendetsa ngalawa m'buku, anawadikira mpaka atapita kukameta tsitsi, n'kuyesa kugoneka mlongoti wake mwakachetechete. Anaiwala chikhomo cha patsinde. Mlongoti utapendekeka, tsinde linadumpha pa kachitsulo kaja, n'kuboola chinsalu pakati pa miyendo yake. Palibe anavulala. A Chokanipo anabwerako atametedwa mbali imodzi yokha, chifukwa nkhani inawapeza ali pampando, ndipo anabwera ndi mpando womwewo. Anaukhazika patsogolo pa mphunzitsi n'kukhala.

"Aphunzitsi, tiwerengereni tsamba limene munalumphalo. Tonse tikumvetsera."

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mphunzitsiyo anagulitsa ngalawa n'kuyamba kuweta nkhuku.

Koma chimene telala sanachikhululuke chinachitika kumanda. Mlongo wake atamwalira, anthu anasonkhana, nyimbo inayamba, amuna anayi anagwira zingwe kuti atsitse bokosi. A Chokanipo, m'malo molira ngati wamasiye aliyense, anaimitsa nyimbo ndi dzanja. Anatenga chingwe chimodzi n'kuchiyendetsa m'zala kuyambira kunsonga mpaka kunsonga.

"Chingwe ichi chinatha kale. Mukufuna mundigwetsere mkazi?"

Anatuma munthu kukatenga chingwe cha ngalawa yawo. Anthu anadikira padzuwa, abusa atatseka buku. Chitabwera, a Chokanipo anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kanthu koma mitambo, n'kuuza achibale onse kuti achokepo m'mphepete mwa dzenje. Telala, amene anabadwa mimba imodzi ndi womwalirayo, anakankhidwira kumbuyo ngati wongodutsa. Bokosi linatsika bwino, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Telala anaona zimenezo, koma sanafune kuziwerengera.

Telala anapitirizabe kugwira chingwe cha mlongoti chifukwa mlongo wake sanamuuzepo kuti asiye. Ndiye chifukwa chakenso kalata inkagona pansi pa ulusi.

Vuto la a Chokanipo linali lakuti mlongoti wawo sunagwepo. Zaka zonsezo, ngakhale kamodzi. Akanakhala ndi chipsera pamutu, kapena nkhani ya munthu amene anafa iwo akuona, anthu akanati mwina n'chifukwa chake. Koma analibe. Anali ndi mzere, pakamwa ngati lumo, ndi mlongoti umene unkakwera ndi kutsika mwaulemu ngati mlendo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, telala anaiwala magalasi kunyumba, ndipo mkazi wake anamubweretsera. Mayiyo anali wamiyendo yovuta, woyenda pang'onopang'ono. Anafika pamene a Chokanipo anali atangomaliza kukuwa. Kuzungulira mzere kunali kutali, ndiye anangodutsa pakati, akumwetulira, magalasi ali m'manja. A Chokanipo anamugwira pamkono n'kumukankhira kunja. Mayiyo anapunthwa pa tayala la ngolo n'kugwera dzanja. Telala anamva kulira kwa fupa ali kutsogolo kwa ngalawa.

Mlongoti unali usanamasulidwe n'komwe. Mawaya onse atatu anali m'malo mwake.

"Mwamuthyola dzanja," anatero telala. Mawu ake sanakwere.

"Dzanja limapola. Mutu supola."

"Mlongoti unali womanga."

"Ukanagwa."

"Sunagwe."

"Ukanagwa."

"Zaka makumi atatu, alamu. Unagwa liti?"

"Sunagwe chifukwa ndimakuwa."

"Pepani ndi mawu amodzi okha. Muuzeni."

A Chokanipo anayang'ana mayi uja, amene anali atakhala pansi atafumbata dzanja. Kenako anati, "Mlamu, tsiku lina muzizungulira."

Atabwerako kuchipatala, telala anatsegula kabati, n'kuchotsa ulusi, n'kusaina. Analemba dzina lake lonse, mosathamanga, ndi zilembo zooneka. Anakaipereka yekha ku ofesi. Manijala anafuna kumugwira chanza, koma telala anaika manja m'thumba.

Madzulo ake kunabwera mwana wamkazi wa a Chokanipo, namwino wa kutauni, mayi wa ana ake atatu. Anaima pakhomo la shedi osalowa.

"Malume, ndamva kuti dzina lanu ndi limene latsekera."

"Ndi momwemo."

"Sindikuimbani mlandu. Ine ndinakulira m'nyumba imene ngakhale makatani ankapachikidwa anthu atatuluka panja. Loweruka ndibwera ndi lole. Bambo akuti mukagwire chingwe."

"Ine?"

"Akuti ena onsewa ndi zitsiru zosaphunzira. Inu ndinu chitsiru chophunzira."

A Chokanipo anakakhala kwa mwana wawoyo, kumene madzi ake ndi a pampopi basi. Ngalawa inaikidwa kuseri kwa nyumba, agalu n'kumagona pansi pake. Patapita miyezi inayi anamwalira ali pampando, akukangana ndi munthu wa magetsi za mmene anaimikira makwerero. Telala anapita ku maliro. Zingwe zotsitsira bokosi sanaziyang'ane aliyense.

Padoko pano pali zii. Anthu amapatsana moni. Akwati amajambulitsa paliponse pamene afuna. Manijala anakhoma chikwangwani chachikulu cha malamulo khumi a kadzutsidwe ka mlongoti, cholembedwa bwino, chopanda mawu achipongwe, ndipo palibe amene amachiwerenga. Mwezi wathawu wowotcherera zitsulo anamasula waya wakutsogolo uku akuyankha foni, ndipo mlongoti wake unagwera chikwangwani chomwecho n'kuching'amba pakati pa lamulo lachinayi ndi lachisanu. Anthu anaseka. Telala sanaseke. Sikuti amawasowa a Chokanipo. Akafunsidwa amati makutu ake ayamba kumvanso mbalame. Dzanja la mkazi wake limapwetekabe kukazizira. Akanapatsidwanso kalata ija, akuti akanasainanso. Kungoti akamasoka, wina akagwira mlongoti panja, phazi lake limaima lokha pa makina mpaka atamva kuti chikhomo chalowa.

Loweruka la lole lija kunacha kopanda mphepo. Lole inaima patali, mwana wamkazi uja ali m'kati. Eni mashedi onse anali pamakomo awo, aliyense akunamizira kukonza kanthu. A Chokanipo anafika atavala malaya ositidwa, osapereka moni kwa munthu. Anaima kumbuyo kwa ngalawa n'kuyamba kuwerenga.

Telala anali asanawaonetsetse kwa nthawi yaitali. Munthu amene umadana naye sumuyang'ana miyendo. Tsiku limenelo anaona kuti ikukwakwaza. Atafika pa khumi ndi awiri n'kukanda dothi, mzerewo unali pafupi kwambiri. Nsonga ya mlongoti ikanaupitirira ndi mkono wathunthu.

"Alamu, mapazi anu afupika."

"Mapazi anga ndi omwe aja."

"Mzere wakale unkafika pa mwala uwo."

A Chokanipo anayang'ana mwalawo, n'kuyang'ana mapazi awo. Kenako anafufuta mzere ndi nsapato, n'kuwonjezera mapazi awiri, n'kujambula wina.

"N'chifukwa cha mphepo," anatero.

Kunalibe mphepo.

A Chokanipo anagubuduza tayala lakale n'kuliika pamene nsonga idzagonere. Anagwira chikhomo cha patsinde kawiri. Anayendetsa zala pa mawaya a m'mbali. Kukwera pachinsalu kunawatengera nthawi, bondo limodzi kaye, kenako linalo, ndipo telala anaona kuti mikono imene inkanyamula mlongoti ngati bango tsopano inali bango yeniyeniyo. Pogoneka mlongoti, chingwe chakutsogolo chimathandiza poyamba pokha. Ukapendekeka kwambiri chingwe sichigwiranso kanthu, ndipo kulemera konse kumatsikira paphewa la amene ali pachinsalu. Telala ankadziwa zimenezo. Anamanga chingwe pa ngolo, n'kuzungulira ngalawa, n'kulowa m'kati mwa mzere. Anaima pafupi ndi tayala, manja ali m'mwamba.

"Mukutani uko?"

"Ndiulandira kuno. Wowotcherera akhoza kumasula waya."

"Wowotcherera sangamasule ngakhale lamba wake. Bwererani ku chingwe."

"Simuutha nokha."

"Ndiye mukufuna ukugwereni, kuti anthu azidzati ndinabwezera? Inu munasaina. Mudzafe ndi matenda anu pabedi panu, osati ndi mlongoti wanga."

"Alamu."

A Chokanipo anavula chipewa. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, mbali zonse, ngakhale kuti malowo ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Kenako anatsitsa maso pa telala. Sanakuwe. Anangoti, "Chokanipo."

Telala anachokapo. Anabwerera kutsogolo, n'kukulunga chingwe kawiri pa chitsulo cha ngolo, n'kudikira mpaka a Chokanipo atatsamira mlongoti ndi phewa n'kugwedeza mutu. Pamenepo anazula chikhomo cha waya. Mlongoti unayamba kubwerera pang'onopang'ono, telala akumasula chingwe chikhatho ndi chikhatho. A Chokanipo ankabwerera nawo m'mbuyo, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Kenako chingwe chinapepuka m'manja mwa telala, ndipo anadziwa kuti tsopano sakuthandizanso kanthu. Anaona msana wa malaya ositidwa aja ukunyowa. A Chokanipo anagwada bondo limodzi, kenako onse awiri, mlongoti uli paphewa, ndipo anautsitsa mpaka nsonga inakhudza tayala mopanda phokoso, ngati munthu akugoneka khanda.



A Chokanipo anakhala chogwada, akupuma movutika. Telala anayandikira.

"Mwamasula mothamanga," anatero a Chokanipo osamuyang'ana. "Zaka makumi atatu, simunaphunzirebe."

Anatsika okha, osalola kugwiridwa dzanja. Ngalawa inakwezedwa pa lole, mlongoti unamangidwa pamwamba, nsanza yofiira kunsonga, ndipo a Chokanipo anamasula mfundo zonse za dalaivala n'kumanga zawo. Anakwera kutsogolo osatsanzika. Lole inatuluka pageti.

Pamalopo panatsala udzu wofota pamene mabwato awiri aja ankagona, tayala, ndi mzere. Njira yachidule yopita ku shedi ya telala inali yodutsa pakati penipeni, ndipo kumwamba kunalibe choti n'kugwera munthu. Telala anafika pakhomo lake n'kuzindikira kuti wazungulira. Anadzitukwana chamumtima, ndi mawu amene sanali ake, n'kukhala pa makina.